Mmene Ndinapulumutsira Amuna ku Chimfine

Kutchalitchi kwathu ku Handsworth, ndikangoti ndikhosomoleko pang'ono, amayi onse a benchi yakutsogolo amatembenuka nthawi imodzi. Amangondiyang'ana, kenako n'kuyang'anana okhaokha. Alendo amadabwa, koma ine sindidandaula, chifukwa ndikudziwa zimene ndinawachita anthu amenewa.

Zinachitika m'nyengo yozizira, chaka chija pa TV ankangokamba za chimfine cha mbalame. Nthawi imeneyo n'kuti ndisanakhalitse ku Birmingham. Akazi anga, mayi a Thoko, ndi amene anatsogola kudzagwira ntchito ya unamwino atatenga mwana, ine n'kutsalira zaka zingapo ndikukakamira kantchito kanga ku Lilongwe. Chingerezi ndinkachidziwa ndithu, cha m'kalasi, cholembera makalata. Koma chingerezi cha kuno, chonenera nthabwala nkhope ili gwa ngati munthu akulengeza maliro, ndinali ndisanachizolowere.

Mwana wa mlongo wanga, Madalitso, amene ankagwira ntchito kufakitale ya magalimoto ku Solihull, anapeza mbeta ku Coventry, mtsikana wodekha dzina lake Tadala. Pokhala malume yekhayo amene ndinali pafupi, unkhoswe unagwera ine. Chinkhoswe anachiika Loweruka, ukwati Loweruka linalo, chifukwa azakhali ake a Tadala anali atachokera ku Ntcheu ndipo sakanakhalitsa. Mwatsoka, masabata omwewo apongozi anga anadwala ku Dowa, mayi a Thoko n'kukwera ndege. M'nyumba tinatsala awiri, ine ndi Thoko, amene panthawiyo anali ku sekondale ndipo chilichonse chimene ndinkamufunsa m'Chichewa ankachibweza m'Chingerezi.

Kutatsala masiku ochepa kuti tichite chinkhoswe, ndinadzuka kukhosi kukukanda, mutu ukulemera, msana ngati ndagona pa miyala. Ndinati ndi chimfine. Kwathu liwu lake ndi limodzi lomwelo. Kaya mphuno ikungochucha, kaya thupi laphwanya mpaka kulephera kutembenuka, timati chimfine basi, ndipo munthu sajomba kumunda chifukwa cha chimfine. (Bambo anga ankatchula fuluwenza, koma ine ndinkayesa ndi chimfine chomwecho chitavala taye.) Komabe miyendo inkakana, choncho ndinaimba foni kuntchito, kumalo osungira katundu kumene ndinkanyamula makatoni.

Anayankha bwana wathu, mayi wachizungu wokonda kuseka. Ndinafotokoza zonse mwatsatanetsatane, kuyambira kumutu mpaka kuzala zakuphazi, ndikubuula apa ndi apo kuti amvetse kukula kwa nkhaniyo.

“Aa, pepani,” anatero. “Imeneyo ndi man flu. Amuna anga nawonso imawagwira chaka ndi chaka. Ine ayi. Gonani, muchira.”

Ndinathokoza kwambiri. Ndinagona ndikulitembenuza liwulo m'mutu. Madzulo Thoko atabwera kusukulu ndinamuitana.

“Iwe, man flu ndi matenda anji?”

Sanachotse n'komwe maso pa TV. “Only men get it, Dad.”

“Amuna okha? Akazi siiwagwira?”

“Never.”

Tsono inu owerenga, musanayambe kundiseka, taganizani kaye ngati munthu wokulira kumudzi. Chitopa chimapha nkhuku, mbuzi zili pomwepo zikudya msipu. Chigodola chimasesa nkhumba, ng'ombe osakhosomola n'komwe. Pa TV akuti kuli chimfine cha mbalame. Ndiye chodabwitsa n'chiyani kumva kuti kuli chimfine cha amuna? Anthu awiri anali atachitira umboni, mmodzi mzungu, wina mwana wa nesi. Nkhani inatha. Ndinamvanso kakunyada pang'ono, kuti ndadwala nthenda ya dzina lakelake.

Lachisanu thupi linatentha, ndipo ndinaganizako zoimbira Madalitso kuti apeze wina. Koma nkhoswe sabwerekedwa ngati mpando. Mwanayo bambo ake anamwalira kale, ndipo mlongo wanga anali atandiuza pafoni kuti, “Achimwene, mukaimirire inu ngati bambo.” Choncho ndinakonza pulani imene ndinaiona kuti ndi yanzeru komanso yachikondi: ndipita, koma ndiwateteza amuna onse. Sindiyandikira mwamuna aliyense. Ndikhala ndi amayi, poti iwo sizingawagwire.

Loweruka m'mawa ndinameza mapanado, n'kutsirira tiyi wa jinja, adyo ndi mandimu. Ndinatuluka thukuta, mutu unapepuka, ndinavala suti. Abambo anzanga anali atandisungira malo m'galimoto ya abusa. Ndinakana ndili chapatali, nditaimika dzanja.

“Abusa, pitani. Ine ndikwera ndi amayi.”

“Mwatani kodi, bambo a Thoko?”

“Ndikukuganizirani inu nomwe. Mudzandithokoza.”

Ndinalowa m'minibasi ya amayi n'kukhala pakati penipeni. Kunja kunali chisanu choluma, mawindo onse anali otseka, hita ikuwomba. Titangotuluka mu Birmingham amayi anayambitsa nyimbo, ndipo poti mwamuna ndinalimo ndekha (woyendetsa analinso mayi), besi yonse inali yanga. Ndinaimba ndi mtima wonse. Ndikayetsemula ndinkatseka pakamwa ndi dzanja, mwaulemu wake, kenako dzanja lomwelo n'kulandira nalo paketi ya mtedza, kutapamo, n'kupatsira wina. Pofika ku Hillfields, dera la ku Coventry kumene kunali chinkhoswe, magalasi a minibasi anali atachita nthunzi moti mwana wina ankalembapo dzina lake ndi chala. Nthunzi imeneyo, ndikaganiza lero, yambiri inali yanga.

Pakhomo pa holo panaima nkhoswe ya kuchikazi, bambo wamtali wa ku Mulanje, atatambasula dzanja kuti andilandire. Ndinabwerera m'mbuyo, n'kuwomba m'manja ndili patali ngati ndaona apongozi. Nkhope yawo inasintha. Ndinamva akufunsa mnzawo kuti, “Kodi akuchimunawa ali nafe chifukwa?” Ndinalibe nthawi yofotokoza. Ndinadutsa chammbali, kuzemba gulu lonse la abambo, n'kulunjika kukhitchini.

Kukhitchini wolamulira anali Mayi Chirwa, nesi wamkulu amene wakhala kuno zaka zambiri, munthu woti akakuyang'ana umayamba kuulula ndi zimene sanakufunse. Anali pakati pa mapoto, thukuta lili kamukamu.

“Ankhoswe, mukufuna chiyani kuno? Malo anu ndi kutsogolo.”

“Mayi, ndabwera kudzabisala. Ndili ndi man flu.”

Khitchini yonse inaphulika. Amayi anaseka mpaka ena kugwira m'mimba. Wina anandisisita paphewa n'kunena kuti, “Pepani, bambo, matenda oopsa amenewo.” Wina anati, “Amuna anga inawagwira mwezi watha, anatsala pang'ono kugawa chuma.” Anasekanso.

Apa ndi pamene panagona tsoka lonse. Iwo ankamva kuti ndikudziseka ndekha, kuti ndili ndi kachimfine kachabechabe ndipo ndikuvomereza kuti amuna timakokomeza. Ine ndinkamva kuti akuseka chifukwa cha mpumulo, podziwa kuti iwo ndi otetezeka. Aliyense anakhutira ndi zimene anamva. Mayi Chirwa anandiyang'anitsitsa pang'ono, n'kunena kuti, “Komatu maso afiira,” koma nthawi yomweyo mpunga unayamba kununkha kupserera, iwo n'kuthamangira komweko.

Pofuna kuti ndisangokhala, ndinapempha ntchito. Anandipatsa kabichi ndi kaloti kuti ndidule za saladi. Ndinadula. Anandipatsa kansalu kuti ndipukute mbale ndi matambula. Ndinapukuta chilichonse, mkati ndi kunja, ndikupumira kaye pakati kuti ndimine. Mayi wina anandipatsa supuni kuti ndilawe ngati mchere wakwana mu nyama. Ndinalawa, ndinati sindikumva kanthu, iye analawa ndi supuni yomweyo, anapatsa mnzake, mnzakeyo anapatsa wina. Tonse tinagwirizana kuti mchere ndi wokwana. Amayi anayamba kunditama. “Mayi a Thoko anapeza mwamuna,” anatero wina. “Ena aja angokhala uko kudikira mbale.” Ine mtima unkangoti myaa.

Mwambo utayamba ndinalibe kothawira, koma ndinayesetsa. Posinthana mphatso, tambala wathu (anali wa mufiriji, wamoyo kuno ungamangidwe naye) ndinamupereka nditatambasula mkono wonse, nkhope nditayang'ana kumbali, ngati ndikupereka chinthu chonunkha. Nkhoswe ya ku Mulanje inalandira ikundiyang'ana ndi diso loti tidzakambirana. Madalitso atabwera kuti andikumbatire, ndinamukankha pachifuwa ndi chigongono.

“Ankolo, zatani?”

“Tsala pomwepo, mwana wanga. Uli ndi ukwati sabata yamawa.”

Kenako inafika nthawi imene anthu amaikonda, yobweretsa atsikana atafunda zitenje kumutu kuti akuchimuna aloze wawo. Ntchito yovundukula inali yanga. Woyamba ndinasuzumira m'chitenje, nkhope ndi nkhope, n'kupukusa mutu, anthu anakuwa. Wachiwiri chimodzimodzi. Wachitatu anali agogo ena amene anandiphinyira diso, holo yonse n'kugwa ndi phwete. Pomaliza anabwera Tadala. Ndinalowetsa mutu m'chitenje, ndipo kaya ndi perefyumu, kaya ndi fumbi la nsalu yatsopano, mphuno inandinyerenyetsa. Ndinayesa kuigwira. Inakana. Ndinayetsemula m'chitenjemo, kamodzi kamphamvu, kena kotsatira, chitenje n'kufufuma ngati tenti. Maiki inali m'dzanja langa, ndiye phokosolo linamveka mpaka panja.

“Ameneyu ndi wathu!” ndinalengeza, ndikupukuta m'maso. Nthungululu zinalira.

Mwanayo, poleredwa bwino, anangomwetulira n'kudzipukuta patsaya ndi nsonga ya chitenje. Maiki ija ndinapatsira mayi wolangiza, iye anapatsira azakhali a ku Ntcheu, amene atatha kuyankhula anandikumbatira kwa nthawi yaitali n'kunena kuti sanaonepo nkhoswe yodzichepetsa chonchi, yokhala kukhitchini ndi amayi. Pobwerera ndinakweranso minibasi ija. Sindinaimbe, mawu anali atatha, koma ndinakhosomola njira yonse.

Lamulungu sindinadzuke. Abale anga, amene mumati chimfine ndi chimfine basi, simunakumane ndi fuluwenza. Kachimfine wamba kamabwera mokuwuza, lero mphuno, mawa kukhosi, iwe ukuyenda. Ichi chinandigwetsa ngati thumba. Mafupa onse ankawawa, ngakhale tsitsi likakhudza pilo. Ndinkanjenjemera ndili m'mabulangete, kenako n'kunyowa ngati ndagwa m'dambo. Kuchoka pabedi kupita kubafa unali ulendo wofunika kuukonzekera. Koma m'kati mwa ululu wonsewo ndinali ndi chitonthozo chimodzi: palibe mwamuna amene ndinamupatsira.

Pakati pa sabata foni inayamba kulira. Woyamba anali abusa.

“Bambo a Thoko, tipempherere mpingo. Amayi agwa.”

“Agwa bwanji?”

“Amayi abusa ali gone. Mayi Chirwa sanapite kushifiti. Amayi a kwaya onse, ophika onse. Koma chodabwitsa, abambo tonse tili bwinobwino. Matenda ake ndi osankha. Ena ayamba kale kunena kuti pali dzanja la munthu.”

Ndinakhala tsonga pabedi. Kenako anaimba Madalitso: Tadala sakutha kuyankhula, ndipo azakhali aja, amene anali ndi chifuwa cha mphumu, awatengera kuchipatala chifukwa akubanika. Apa nthabwala zinatha. Mayi wachikulire, wabwera ulendo wautali kudzaona mwana wa mchimwene wake akukwatiwa, ndipo tsopano ali pa mpweya m'dziko la eni. M'chipinda china ndinkamva Thoko naye akukhosomola.

Komabe mutu wanga unkakana. Ndinaganiza kuti mwina kwabwera mtundu wina, wa akazi. Ndinatenga kadi yoimbira kumudzi n'kuimbira mayi a Thoko ku Dowa. Ndinafotokoza zonse, minibasi, khitchini, supuni, chitenje, n'kumaliza ndi funso langa: “Ndiye zatheka bwanji, poti yanga inali man flu?”

Ndinkangomva tambala akulira chapatali kumudziko.

“Halo? Mayi a Thoko?”

“Ndilipo. Ndikupempha Mulungu kuti andipatse mawu oyenera. Bambo a Thoko, man flu si matenda. Ndi chipongwe. Ndi mawu onyozera mwamuna amene ali ndi kachimfine kakang'ono koma akubuula ngati akubereka.”

“Koma bwana wanga anati…”

“Amakusekani.”

“Nanga Thoko?”

“Amakusekaninso. Inu munali ndi fuluwenza yeniyeni. Kachilombo kake kamayenda m'timalovu mukayetsemula, mukakhosomola, ngakhale mukamaimba. Kamatsala m'manja, pa supuni, pa chitseko. Sikayang'ana kuti uyu wavala buluku, uyu chitenje. Ndipo masiku oyambirirawo ndi amene munthu amagawa kwambiri. Inu munatenga masiku amenewo n'kukadzitsekera m'minibasi ndi amayi a mpingo wonse.”

“Ndimateteza abambo.”

“Mwawateteza. Zikomo kwambiri. Mwana wanga ali bwanji?”

Nditaika foni ndinapita pakhomo pa chipinda cha Thoko. Anali atafunda mpaka m'khosi, mphuno ili psu. Ndinamufunsa chifukwa chake anandinamiza. Anandiyang'ana ndi maso a misozi, ndipo kwa nthawi yoyamba chibwerereni ine kuno, anandiyankha m'Chichewa: “Adadi, ndimangocheza.” Ndinalephera kukalipa. Ndinakamupangira tiyi.

Kuulula kwa abusa kunali kosavuta, chifukwa anaseka mpaka foni inagwa. Kovuta kunali kwa Mayi Chirwa. Anayankha ndi mawu osasa ngati chitseko chadzimbiri, ndipo anamvetsera osandidula.

“Ndiye mukuti munabwera kukhitchini dala?”

“Mwachikondi, mayi.”

“Ine nesi wa zaka zonsezi, ndinaona maso ofiira, n'kusankha mpunga.” Anakhosomola kwa kanthawi. “Mlandu tigawana, koma chilango ndi chanu. Loweruka palibe mayi amene akhudze chakudya cha anthu, tingapatsirenso alendo. Abambo munawasunga aja, ndi athanzi, eti? Aphike.”

Mwamwayi azakhali anatuluka m'chipatala ukwati usanafike, ofooka koma akuseka. Nditapita kukapepesa, ndinaima pakhomo osalowa. Iwo anati, “Lowani, ankhoswe, chimene munali nacho munatipatsa kale chonse.”

Za kuphika kwa abambo ndingalembe buku. Tinali gulu la amuna a masuti, titavala maepuloni, aliyense akudziwa mmene mayi ake ankaphikira koma palibe amene anagwirapo chipande. Abusa ankatsogolera mpunga mwa chikhulupiriro. Poto woyamba unatuluka phala. Wachiwiri pansi makala, pakati mpunga, pamwamba miyala. Nkhoswe ya ku Mulanje (tinali titagwirizana tsopano, atamva chifukwa chimene ndinkawathawira) inathira mchere mu nyama, osadziwa kuti m'bale wina wa ku Chipata wathira kale, ndipo ine, posafuna kuoneka waulesi, ndinathiranso. Mayi Chirwa ankatilamula pafoni ali m'galimoto panja, atatseka mawindo. Ine anandiletsa kukhudza chilichonse chodyedwa pambuyo pa mcherewo. Anandiika kotsuka mapoto, ndipo ndinkasamba m'manja pafupipafupi mpaka zala zinachita makwinya.

M'tchalitchi amayi anakhala kumbuyo, motalikirana, aliyense ndi bokosi la matishu pamiyendo. Kwaya inali ya abambo okhaokha, nyimbo zonse zikumveka ngati magalimoto akuluakulu akukwera phiri. Tadala anali wokongola kwambiri, koma mawu analibe. Abusa atafunsa ngati akulola kukwatiwa ndi Madalitso, milomo inagwedera koma sipanatuluke kanthu. Anafunsanso. Panatuluka kamawu ngati ka mwana wa mphaka. Abusa anayang'ana mpingo n'kunena kuti, “Ine ndamva, ndipo kumwamba amva.” Pamene pankafunika nthungululu, amayi anayesa, koma zinathera m'chifuwa. Ndiye m'bale wa ku Chipata uja, poona kuti ukwati sungathe chonchi, anaika dzanja pakamwa n'kuyesa yekha. Phokoso limene linatuluka sindingalifotokoze. Mwana wina analira. Azakhali anaseka mpaka tinachita mantha kuti tibwerera nawo kuchipatala.

Chakudya anthu anadya, poti njala ilibe manyazi, ndipo zakumwa zinatha msanga chifukwa cha mchere uja. Akwati ananyamuka kupita kunyanja kukapuma masiku angapo. Ine ndinabwerera kunyumba ndikudziuza kuti, zonse zili apo, cholinga changa chinatheka: palibe mwamuna ndi mmodzi yemwe amene anadwala.

Patapita masiku awiri foni inalira. Mawu ake sindinawazindikire.

“Ankolo… ndine Mada.”

“Iwe, uli kuti? Mawuwo atani?”

“Tili kuhotela. Tadala wachira, wapita kukayenda kunyanja. Ine ndili m'bulangete.” Anayetsemula mpaka ndinachotsa foni kukhutu. “Abusa aja atati psompsona mkwatibwi, inu munali pomwepo. Bwanji simunandikankhe ndi chigongono?”

Phunziro ndinalitenga, sindikana. Masiku ano thupi likangotentha ndimakhala pakhomo, ndimayetsemulira m'tishu, ndimasamba m'manja, ndipo katemera wa chaka ndi chaka ndimakhala woyamba pamzere. Mawu achingerezi amene sindikuwadziwa ndimafunsa anthu atatu, ndipo mwa atatuwo pasakhale mwana wanga. Chokhacho chimene sindinasiye ndi kubuula. Mayi a Thoko akuti akamabwera kuchokera kushifiti amandimvera pa siteji ya basi, ndipo anthu odwala zenizeni amene amawasiya kuwodi sachita phokoso ngati limenelo. Ine ndimangowauza kuti munthu amene anagonekapo mpingo wonse ali ndi ufulu womvedwa akamadwala.